Zilembo Zitatu M'kope Lobiriwira

Lolemba, 6 Meyi

Phasa wasamuka. Desiki lake langoti mbee, patsala chikho chopanda chogwirira ndi chipsera cha ketulo pathabwa. Zaka zisanu ndi zinayi tili mu ofesi imodzi, mpaka anthu pakoleji pano anaiwala mayina athu n'kumangoti mapasa. Tsopano iye ndi mkulu wa Ofesi Yothandiza Aphunzitsi, m'mwamba muja, chipinda cha kapeti. Ndamunyamulira makatoni awiri. Masitepe 32, mawondo anga ndiwo anawerenga.

Ndinati, "Iwe, usandiiwale kuchipululu kuno." Iye: "Ndingakuiwale ine? Ketulo ndatenga dala kuti uzibwera."

Ndakondwa naye, zoona. Kansanje kaliko, sindinganame m'buku langa lomwe. Koma ofesi imeneyi tinaililira kalekale. A Peresenti, mkulu wa koleji, amene sangakupatse moni osatchula chiwerengero cha okhoza mayeso, akhala akutikalipira kuti masamu a chaka choyamba akugwetsa anthu. Kukalipa kokha, thandizo ayi. Mwina tsopano tiona mabuku, mwina ngakhale zolembera pabolodi zosauma.

Bokosi lero linali ndi timapepala 41. Lakalamba bokosi langa la nsapato, ndalimatanso ndi selotepi. Lolemba lililonse aliyense amaponyamo samu imene yamugonjetsa sabata imeneyo, dzina lake pansi, ine n'kukopera m'kope lobiriwira, munthu aliyense tsamba lake. Phunziro la sabata limachokera mmenemo. Chaka chilichonse ndimawalonjeza mawu omwewo: zimene mwaponya muno sizituluka m'chipinda chino. Popanda lonjezo limenelo palibe munthu wamkulu angavomere kuti mafulakishoni amamuliza.

Telala wandiseketsa. Mayi wa zaka 38, amalowa m'kalasi tepi ili m'khosi poti amachokera kushopu. Analemba 1/2 + 1/3 = 2/5. Ndinam'funsa, "Kasitomala wabweretsa theka la mita, wawonjezeraponso ina, inu mum'patsa nsalu yosakwana theka?" Anagwira pakamwa. "Aphunzitsi, angandimenye ndi ambulera!" Anakonza yekha patepi pomwepo. Patsamba lake ndalemba ach. kachisanu. Ach. wanga uja, achita. Ndimalemba pa munthu amene anayambira pansi koma akukwera, ndipo ndimalembanso pamapepala awo ndikachonga. Amanyadira naye kuposa malikisi.

Lachiwiri, 7 Meyi

Ndakwera kukamwa tiyi. Kapeti ndi yofewa ndithu, ndinavula nsapato imodzi mobisa.

Phasa wabwereka kope. Akuti Lachisanu ali ndi msonkhano wake woyamba wa aphunzitsi onse, mutu wamuima, akufuna kungoona mmene ndimasanjira zinthu. Ndinati muli mayina a anthu. "Iwe, ine ndi mlendo? Si ine ndinakusankhira kope limeneli m'sitolo?" Zoona, ndi iye. Ndinam'patsa. Dzanja linachedwa pang'ono kusiya, iye anaseka, ine ndinasekanso.

Lachitatu, 8 Meyi

Kope labwera ndi mlembi wa Phasa. Msana wake wathyoka, likungotseguka lokha ngati munthu analikanikiza pagalasi tsamba ndi tsamba. Mwina linagwa.

Lachisanu, 10 Meyi

Sindikudziwa poyambira.

Holo yodzaza, aphunzitsi onse, mabisiketi, pulojekitala yatsopano. Phasa atavala suti imene tinakagula limodzi. Pakhoma pakuoneka mawu akuluakulu: Njira Yozindikira Msanga. Kenaka chithunzi cha bokosi. La pulasitiki, lokongola, la kabowo pamwamba. Kenaka: Lolemba lililonse wophunzira aponyemo chimene chamuvuta. Kenaka: munthu aliyense tsamba lake. Kenaka 1/2 + 1/3 = 2/5, ndi nkhani ya kasitomala ndi ambulera, holo yonse kuseka. Nthabwala ya Telala, imene ndinam'fotokozera ine pa tiyi Lachiwiri!

Ndinkadikira. Ndinati anditchula kumapeto, ndi khalidwe lake kusunga chokoma kumapeto. Anati, "Njira imeneyi ndakhala ndikuisinkhasinkha kwa zaka zambiri." A Peresenti anaimirira kuwomba m'manja. Wa Fizikisi, amene anakhala pambali panga, anandigunda ndi chigongono: "Si bokosi lanu la nsapato lija limeneli, lavala jekete?" Ndinamwetulira ngati chitsiru.

Potuluka ndinapeza Phasa pakhomo akugawa mafomu. Ndisanatsegule pakamwa anati, "Madamu, mulembetse pano. Maphunziro a njirayi ayamba mwezi wamawa, a masamu tikukufunani kwambiri." Madamu. Mulembetse. Munthu amene ndinam'gwira dzanja pa maliro a amayi ake, amene amadziwa nambala ya nsapato zanga, lero ine ndine inu. Ndipo ndikaphunzire bokosi langa lomwe.

Ndinalembetsa. Anthu anali pambuyo panga, ndikanatani? Dzina langa ndi lachisanu ndi chiwiri pamndandanda.

Loweruka, 11 Meyi

Ndachapa zovala zimene sizinade.

Bambo a ana anandipeza ndikutikita kolala yoyera kale. Nditawafotokozera anaika sipanala pansi. "Amayi, mnzanuyo wakudyerani masuku pamutu, mitengo ili yanu yomwe." Akuti ndipite kwa a Peresenti Lolemba. Ndinati ndikanene chiyani, kuti bokosi la nsapato ndi langa? Ndioneka wanjiru. Anati, "Ndiye mukalembetse kawiri, mwina mukakhoza bwino adzakupatsani satifiketi." Ndinawaponyera sokosi yonyowa. Anandiseketsa, koma chinthu chili pachifuwachi sichinasunthe.

Ndaganiza zongosiya. Ngati mabokosi afika m'makalasi onse, ana a eni apindule, dzina langa lili ndi ntchito yanji? Ndikudziuza choncho. Mtima sukuvomera, koma ndikudziuza.

Lamulungu, 12 Meyi

Ndam'lembera uthenga pafoni katatu, ndafufuta katatu. Iye zii.

Lolemba, 13 Meyi

Katundu wafika kuchokera m'mwamba. Mphunzitsi aliyense: zolembera pabolodi khumi, mabuku awiri, ndi bokosi la pulasitiki lomatidwa chizindikiro cha ofesi. Zolemberazo ndi zabwino, ndisaname, zikulemba mpaka wa kumbuyo akuona. Bokosi ndaliika pansi pa desiki, ndikupondapo miyendo ikatopa.

La nsapato: timapepala 39. Telala wapeza 64 pa mayeso aang'ono a sabata yatha. Mu Febuluwale anapeza 19. Anayang'ana pepala, sanaone ngakhale 64, maso anathamangira pakona kufuna ach. wake. Atamupeza anapinda pepala bwinobwino n'kuika m'chikwama cha ulusi.

Mayeso aakulu atsala masabata atatu. Mndandanda wa olemba utsekedwa Lachisanu masana.

Lachiwiri, 14 Meyi

Telala analowa mu ofesi osagogoda. Tepi palibe m'khosi. Anaika kalata padesiki n'kuima.

Kalata ya ku Ofesi Yothandiza Aphunzitsi, yosainidwa ndi Phasa ndi a Peresenti. Akuti pofuna kum'thandiza, koleji yaona kuti asalembe mayeso chaka chino, achoke kaye, adzabwereze chaka chamawa. Chiganizo chachitatu ndachiloweza: malinga ndi zimene mphunzitsi wanu wa masamu analemba za inu.

"Aphunzitsi, munati sizituluka."

Sanakweze mawu. Bola akanakuwa.

"Ine ndinakuuzani zinthu zimene ngakhale bambo a kunyumba sadziwa. Kuti kugawa sindinkatha. Munkandilembera ach. pamaso, kumbali mukulemba kuti ndichoke?"

Ndinati sindinalembe zimenezo. Anati nanga analemba ndani. Yankho lake linkayamba ndi mawu akuti ndinabwereketsa kope, ndipo mawu amenewo anakana kutuluka. Anandiuza kuti chaka chamawa kwa iye kulibe. Mng'ono wake ndiye akumugwirira shopu, anagwirizana chaka chimodzi, ndipo mu Ogasiti akukwatiwa n'kusamuka. Akapanda kulemba chaka chino, sukulu yathera pomwepo. Anatenga kalata yake n'kutuluka, chitseko anatseka mwaulemu.

Ndinathamangira kwa mlembi wa mayeso. Makalata ndi 14, onse a kalasi langa. Ndinawerenga mayina nditaimirira. Telala. Mnyamata wachibwibwi. Mayi wa ana amapasa. Msilikali wopuma ntchito. Ndinatsegula kope, ndikutsata ndi chala. Onse 14 ndi a ach. Palibe wina, palibe wotsala. Amene akuvutikadi, amene ndinawalembera kuti akufunika kukhala nawo pansi, palibe ndi mmodzi yemwe walandira kalata.

Achoke. Phasa wawerenga ach. kuti achoke!

Ndinaseka pamaso pa mlembi, kuseka koipa, mpaka anandibweretsera madzi.

Lachitatu, 15 Meyi

M'mawa kalasi linali phee ngati pa maliro. Mipando 14 yopanda anthu. Otsalawo sanandiyang'ane. Wina anali atatembenuza bokosi chafufumimba pawindo. Ndinaphunzitsa bolodi ola lathunthu.

Kenaka masitepe 32. Mlembi wa Phasa anandiuza kuti ndidikire, Madamu ali pafoni. Ndinadikira mphindi 25 pampando wa alendo, ndikumva ketulo yathu ikuwira mkati.

Nditalowa ndinatsegula kope patsamba la Telala. "Ach. ndi chiyani?"

"Achoke kaye. Si choncho?"

"Achita. Achita bwino. Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikulemba zimenezi mita imodzi kuchokera pamphuno pako."

Nkhope inagwa. Ndinaona ndi maso anga kuti sankadziwa, ndipo zimenezo zinandipweteka mwa mtundu wina. Zaka zonsezi ndinkamufotokozera za ana anga pa tiyi, iye ankangomva nthabwala zokha.

Ndinati, "Bwanji sunandifunse? Foni uli nayo. Masitepe ndi omwewa, amatsikanso." Ndinadziyankha ndekha. Akanafunsa bwanji tanthauzo la njira imene waisinkhasinkha kwa zaka zambiri? Safunsa anadya phula, koma apa phula akudya ndi ena.

Anayamba kulongosola. A Peresenti anafuna zotsatira msanga. Anafuna mayina a ofooka pofika Lolemba. Iye analibe kanthu m'manja, ofesi ndi yatsopano, anthu akumuyang'ana. Ndinati chabwino, tiye limodzi tikawauze, makalata abwezedwe lisanafike Lachisanu. Anadzuka kukatseka chitseko.

"Madamu, taganizani bwino. Tikanena panopa ofesi ino yafa isanabadwe. Tidikire mayeso adutse, chaka chamawa ndidzawasamalira ndekha anthu amenewa." Ndinati Telala alibe chaka chamawa. Ndiye anayang'ana kapeti n'kunena mawu amene sindidzaiwala. "Komanso musaiwale kuti amene anatulutsa mayina a ophunzira m'kalasi ndi inu. Malamulo mukuwadziwa. Mukayatsa moto, ndevu zoyamba kupsa ndi zanu."

Lachisanu ndinkayesa kuti wandibera. Lero ndadziwa kuti analinso atakonza kale pondigwirira.

Choipa n'chakuti sananame. Ndinapereka kope ndi dzanja langa. Lonjezo ndinaphwanya ndine, iye anangotola zidutswa.

Bambo a ana madzulo sanachite nthabwala. Anangoti, "Kalata yochenjeza siipha munthu." Ndinati n'kosavuta kunena. Anati, "Inde. Koma mukudziwa kale chochita, mukungofuna wokuletsani, ndiye ine sindikuletsani."

Lachinayi, 16 Meyi

Ndinalawirira kushopu ya Telala, msewu wa kuseri kwa msika, pakati pa wokonza mafoni ndi wometa. Kachipinda kopapatiza, makina awiri, madiresi a akwati atapachikidwa m'mapulasitiki. Mng'ono wake anandipatsa moni. Telala anapitiriza kupalasa makina. Mpando sanandipatse.

Ndinanena zonse nditaimirira, mokweza kuti ndipose phokoso la makina. Kuti ndinabwereketsa kope. Kuti ndinadziwa kuti muli mayina. Kuti ndinakhulupirira mnzanga kuposa mmene ndinalemekezera lonjezo langa. Kuti ach. ndi achita, dzulo, lero ndi mawa. Makina anaima.

"Ndiye anatichotsa chifukwa tikukhoza?"

"Eya."

"Ophunzira kwambiri inu muli ndi mavuto," anatero mng'ono wake, akuluma ulusi.

Ndinapempha Telala mapepala ake ochongedwa. Anatulutsa m'chikwama cha ulusi onse asanu ndi limodzi, kuyambira wa 19 mpaka wa 64, anawalumikiza ndi phini. Asanasiye anandiyang'ana. "Awa musabwereketse." Ndinalandira ndi manja awiri.

2 koloko, ofesi ya a Peresenti. Anaitanitsa Phasa. Ndinayala kope ndi mapepala patebulo, 64 ndi ach. pambali pake, 58 ndi ach., 51 ndi ach. Ndinayamba ndi kulakwa kwanga kuti wina asandiyambire. A Peresenti anafunsa Phasa kuti ach. amatanthauza chiyani m'njira yake. Phasa anati panali kusamvetsetsana pang'ono pokopera.

Ndinkaganiza kuti a Peresenti afunsa za anthuwo, kuti agona bwanji masiku awiriwa. Anatenga kakyuleta. "Ndiye mukuti 14 onsewa akhoza kukhoza?" Ndinati 12 ndikutsimikiza, awiri akhoza kudutsa mokwawa. Anadinadina. "Tikanataya 9 peresenti!" Anatuwa ngati amva za maliro. Makalata abwezedwe lero lomwe, anatero, mlembi aimbire foni aliyense.

Ndiye chilungamo chimalowera pa kakyuleta. Chabwino, bola chalowa.

Zotsala: ine ndilandira kalata yochenjeza chifukwa chotulutsa zinsinsi za ophunzira, ikhala m'failo zaka ziwiri. Za Phasa alemba kuti cholakwika cha pokopera. Njira Yozindikira Msanga ipitirira, ndi ya koleji, "si nkhani ya mwini, Madamu, tonse ndife banja limodzi." Anandikumbutsanso kuti ndinalembetsa maphunziro a mwezi wamawa, ndisajombe.

Phasa sanandiyang'ane mpaka tinatuluka. Pamasitepe iye anakwera, ine ndinatsika.

Mapepala a Telala ndam'bwezera ndekha, phini ili pomwepo.

Lachisanu, 17 Meyi

Mndandanda wamatidwa 11 koloko. Ndawerenga kawiri. Onse 14 alipo. Msilikali wopuma ntchito anaima pambali panga akuwerenganso, ataona dzina lake anangogwedeza mutu n'kuchoka osandilankhula.

Kalata yanga yafika. Ndime ziwiri. Dzina langa alilemba molakwika.

Masana Phasa anatsika. Ananyamula ketulo, chingwe chikulendewera. Anaima pakhomo pa ofesi imene anakhalamo zaka zisanu ndi zinayi, n'kugogoda. Maso ofiira.

"Iwe," anatero. "Iwe, ndinachita mantha. Tikambirane."

Sabata yonseyi ndakhala ndikulakalaka mawu amenewo, iwe. Ndinkaganiza kuti ndikadzawamva ndidzalira. Ndinayang'ana ketulo, ndinayang'ana chipsera chake pathabwa, kenaka ndinamva pakamwa panga pakuti, "Ikani pomwepo, Madamu. Zikomo kwambiri."

Sindinakonzekere. Zinangotuluka. Anaika, anaima pang'ono, anapita. Ketulo sindinaiyatse.

Lolemba, 20 Meyi

Mipando yonse yadzaza. Ndisanayambe phunziro ndinawauza zonse, monga ndinauzira Telala. Ndinati lonjezo lija sindingalibwerezenso chifukwa pakamwa panga latha mtengo. Bokosi ndinalitembenuza n'kuliika pamalo pake, ofuna aponye, osafuna sindiwaimba mlandu. Ndinatuluka mphindi zisanu kuti ndisaone.

Timapepala 9. Kuchoka pa 39. Palibe ndi kamodzi komwe kali ndi dzina. Ena asintha ngakhale kalembedwe, alemba ndi zilembo zazikulu zokhazokha.

Kamodzi kanali kodulidwa mowongoka kwambiri, ndi sizasi yodziwa ntchito. 3/4 kugawa ndi 1/8. Pansi pake anayesa yekha, anapeza 6, n'kuika chizindikiro cha funso. Wakhoza. Mmunsi mwake: Dzina mukulidziwa. Musalilembe.

Ndatsegula tsamba latsopano m'kope, pamwamba ndasiya popanda kanthu. Ndakopera samu yake. Pakona cholembera chinalemba a, c, h, n'kufuna kuima monga mwa chizolowezi. Ndinapitiriza mpaka mawu onse atakwana.